Nsalu Yosadula ya ku Chiromo

Ndidanyamuka kwathu kwa Mlolo tambala wachiwiri atangolira, dengu la milamba yowamba lili pamutu, masheleni anayi nditawamanga pa ngodya ya nsalu. Nsaluyo idali imodzi yokha m'nyumba mwathu, koma eni ake tidali awiri, ine ndi amayi anga. Motero tsiku limene ndinkapita ku Chiromo amayi adatsala atalowa m'mfumba, mkeka wosoka ngati thumba umene timagonamo kuno kuchigwa pothawa udzudzu. Adandiperekeza mpaka pakhomo pokha, mutu uli kunja ngati kamba.

"Usakachedwe, mwanawe," adatero. "Ukachedwa udzandipeza nditamera mizu muno."

Umphawi umenewu sitidabadwe nawo ayi. Amuna anga, a Zuze, adatengedwa kukasenza katundu wa asilikali pa nkhondo ya Azungu kumpoto, mwana wathu Malita akali pabere. Dzinja lachiwiri chichokere iwo, madzi a Ruo ndi a Shire adakumana m'minda mwathu, nakokolola nyumba, nkhokwe ndi mtanga wa zovala. Tidapulumukira pa chulu, anthu atatu ndi mbuzi imodzi. Nsalu imene amayi adathawa nayo idathera pa minga, nkutsala yanga yokha. Kuyambira pamenepo wopita kumadzi ndiye ankavala, winayo nkudikira m'nyumba. Ku maliro tinkapita mosinthana, mpaka anthu adayamba kunong'onezana kuti mwana ndi make sakumwerana madzi.

Kenaka mwamuna wina wa mudzi woyandikana nafe adabwerako kunkhondoko. Adatiuza kuti amtengatenga akuwabweza pang'onopang'ono pa sitima ya pamtunda, ndipo akumatsikira pa Chiromo. Za a Zuze adati adawaona komaliza atagona pa msasa wa odwala, osatha kudzutsa mutu. Zoposa pamenepo sankadziwa. Madzulo ake amayi adandiuza kuti ndigulitse mbuzi, imene idatipatsa masheleni anayi aja.

"Pita ukagule nsalu," adatero. "Ngati akamwini ali moyo, asatipeze tili chonchi. Ngati adatisiya, sitingawalire tili maliseche."

Dzuwa lidatuluka ndili m'njira ya m'madimba, momwe madzi adasiya matope achonde ndipo chimanga chidali chitafika m'chiuno. Ndidafika pa dooko la m'mbali mwa dambo lalikulu, lija Azungu adalitcha la Njovu, mame asanaume. Njovuzo ine sindidazionepo, koma udzudzu wake ndiwo ungafanizidwe nazo. Bwato lidali lodzaza kale: bambo wina ndi zipanda ziwiri za uchema, mowa wa kanjedza, agogo ena aamuna ndi nkhuku zisanu zomangidwa miyendo, ndi amayi atatu a madengu. Mwini bwatolo adali munthu wamtali zedi, amene aliyense ankangomutchula kuti a Mgwalangwa. Mtengo wa ulendo adati ndi tiki, ndiye kuti makobiri atatu, kapena milamba iwiri. Ndidapereka milamba, chifukwa masheleni aja ndidali nditalumbira kuti sadzaona dzuwa kufikira m'sitolo.

Adandikhazika moyang'anizana ndi mayi wina wachikulire wa Chisena, wowonda, wa maso akuthwa. Dzina lake adati ndi Ntsayi, wa ku Makhanga, ndipo ntchito yake idali kugula nsomba kwa asodzi a m'dambo nkukagulitsa ku Chiromo. Tisanapite patali ndidaona kuti akuwerenga zigamba za nsalu yanga ndi maso.

"Zilipo zisanu ndi zitatu, amayi," ndidatero. "China chili kumbuyo, ndakhalira."

Adaseka mpaka bwato lidagwedezeka, a Mgwalangwa nkukalipa kuti tikafuna kusambira tinene. Umu ndi mmene chibwenzi chathu chidayambira.

Bwato linkayenda m'timifuleni topapatiza, mabango atatiphimba mbali zonse, a Mgwalangwa akukankha ndi nsungwi yaitali. Pena tinkatulukira pa thamanda lodzaza maluwa a nyika, akakowa atayera pa zitsamba ngati thonje losakolola. Pa thamanda lina mvuu idafwenthera patsogolo pathu. Tonse tidati zii, kupatula nkhuku, zimene zidasankha nthawi yomweyo kukangana. A Mgwalangwa adaimika bwato, nayamba kuilankhula mvuuyo mwaulemu ngati mlamu wawo, kuti ife ndife odutsa chabe. Idatiyang'ana, nkumira. Mwini uchema adati mantha amuumitsa kukhosi, natsegula chipanda chimodzi. Mantha amenewo sadamuchoke mpaka ku Chiromo.

Dzuwa lili pamutu tidaima pa kachilumba ka asodzi. Ine ndidamasula nyika zophika, mizu ya maluwa a m'madzi aja, zimene ndidatenga kwathu, chakudya chimene chidatisunga chaka cha madzi chija. Mai Ntsayi adatulutsa mbatata zowotcha, tidagawana. Tikudya ndidawauza nkhani yanga yonse, ndiponso za nsalu imene idali mumtima mwanga. Ndidali nditaiona itavalidwa ndi mkazi wa kapitawo wa thonje: yofiira, ya maluwa achikasu aakulu ngati chikhatho. Ndinkafuna kuti a Zuze akatsika sitima adzandione m'menemo.

"Pyadidi," adatero mai Ntsayi, kutanthauza kuti nzabwino. "Tsono ndiuze. Kudimba ungapite nayo?"

"Ingade, amayi."

"Ku maliro?"

Ndidayamba kusenda nyika ina.

"Amako angaivale? Ungafunde usiku? Ungaberekere mwana wa chimfine?" Adanyambita chala cha mbatata. "Mwananga, nsalu ya maluwa ndi ya munthu amene ali nazo kale zinayi. Nsalu ya mmphawi iziyankha ikaitanidwa katatu. Imene imayankha kamodzi ndi mlendo, ndipo iwe ulibe chodyetsa mlendo."

Mawu amenewa adandiwawa, chifukwa maluwa aja ndidali nditawalota miyezi itatu. Ndidangoti ndamva, koma mumtima ndinkati masheleni ndi anga.

Tidatulukira mu Shire weniweni dzuwa litapendeka, ndipo madzi adatinyamula okha. Inu amene simudafikeko masiku amenewo, Chiromo idali tauni yochititsa kaso kwa munthu wa kumudzi. Choyamba kuona udali mlatho wa njanji, wachitsulo, utadumpha mtsinje wonse. Pansi pake padali sitima ya pamadzi ya chigudumu kumbuyo, ikufuka utsi, amuna akuikweza mabelo a thonje uku akuimba. Kumtunda kudali milu ya nkhuni yaitali kuposa nyumba, chakudya cha masitimawo, ndi mzere wa masitolo a malata. Ndidatsika m'bwato ndikuyang'ana kumwamba, mpaka ndidaponda nkhuku ya agogo aja. Tidakagona kwa mng'ono wawo wa mai Ntsayi, kuseri kwa nyumba za antchito a njanji.

M'mawa mwake ndidayamba ndi malonda. Mwamuna wina wovala chipewa adafuna kugula dengu lonse pa masheleni awiri, ndipo ine, pofulumira kusitolo, ndidatsala pang'ono kuvomera. Mai Ntsayi adandiponda chala. Tidakakhala pa mthunzi pafupi ndi pamene akazi a antchito amadutsa potunga madzi, ndidayala milamba itatuitatu. Pofika nthawi imene belu la pa siteshoni lidalira kachiwiri, dengu lidali lopanda kanthu, ndipo ndidali ndi masheleni atatu ndi sikisi, ndiye kuti atatu ndi theka. Wa chipewa uja adadutsanso, natiyang'ana ngati tamubera.

Sitolo imene tidalowa idali ya Mmwenye wina wa ndevu zoyera. Munkanunkhira sopo, palafini ndi nsalu zatsopano, fungo limene mpaka lero limandikumbutsa tsikulo. Nsalu zidasanjikizana mpaka kudenga, ndipo pakatikati, ngati ikundidikira, padali ija ya maluwa. Ndidafunsa mtengo. Masheleni asanu. Ndidaigwira, ndidaiika pa mkono, ndidaona mmene ikadandikhalira. Mai Ntsayi adangoima pambali akutokosa m'mano. Ndidawerengera mumtima: ndikagula iyi, yotsala singaveke amayi ndi mwana. Ndidaona amayi ali m'mfumba, ine ndikuyenda pabwalo ngati nkhanga. Ndidaibweza nsaluyo pang'onopang'ono, monga mmene umabwezera mwana wa eni ake.

"Tsopano tigule," adatero mai Ntsayi, nalavula kachitokoso.

Adaitanitsa biriwita, nsalu yakuda yobiriwirako imene amavala akazi a ntchito. Kalaliki wa m'sitolomo, bambo wamfupi wonenepa, adatsitsa mpukutu woyamba. Mai Ntsayi adagwira ngodya, naifikisa pakati pa zibakera ngati akuchapa. Padathothoka ufa woyera, ndipo pamene adafikisapo padatsala popyapyala ngati ukonde.

"Iyi ndi phala louma, si nguwo ayi," adatero, pakuti nsalu ankaitchula m'Chisena. "Ikangolawa madzi uona miyendo yako. Tsitsani ina."

Wachiwiri adauyang'anitsa pa dzuwa la pakhomo, naukana. Wachitatu adaufikisa, adaukoka uku ndi uku, adaunyowetsa ndi malovu nkupukutira pa chikhatho, kenaka nkugwedeza mutu. Udali wa masheleni awiri pa mkwamba. Adati tigule mikwamba iwiri, wina wanga, wina wa amayi, yofanana, kuti ina ikang'ambika inzake idzapereke chigamba chosaoneka. Yakuda siionetsa matope a kudimba, adatero, imapita ku maliro, imapita kumadzi, ndipo usiku ndi chofunda.

Vuto lidabuka poyeza. Mkwamba ndi utali wa manja onse awiri munthu atatambasula, ndipo anthu akumudzi sitinkakhulupirira ndodo yoyezera ya m'sitolo. Kalaliki uja adatambasula timanja take. Mai Ntsayi adamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, ulendo umene sudatenge nthawi.

"Nkhabe!" adakana. "Mkwamba wa bambo awa ungaveke nkhuku."

Adatuluka, ndipo posakhalitsa adabwera akukoka a Mgwalangwa, amene adawapeza akumwa thobwa pa khonde loyandikana. Munthu uja adawerama polowa pakhomo, natambasula manja ake kuchokera ku matumba a mchere mpaka ku mabotolo a palafini. Sitolo yonse idafa nacho chiseko. Mwini sitolo adagwira ndevu zake, naseka mpaka misozi.

"Lero lokha, mayi," adatero. "Koma munthu uyu asazolowere. Akamabwera tsiku ndi tsiku ndibwerera kwathu wapansi."

Titatha biriwita mai Ntsayi adaitanitsa bafuta woyera wokhuthala, mkwamba ndi theka, wa masheleni awiri. Ndidafunsa kuti woyera ngwa chiyani kwa munthu wokhala m'matope.

"Wakuda pansi, woyera pamapewa, wafika ku tchalitchi kapena ku ukwati ndipo palibe angadziwe kuti ndi nsalu ya kudimba," adatero. Kenaka adatsitsa mawu. "Ndipo nyumba isamasowe nsalu yoyera, mwananga. Sitidziwa tsiku."

Ndidamva chimene ankatanthauza. Sindidafunsenso.

Pa sikisi tidagula mpango wofiira. Apa ndiye adandilola kusankha ndekha, nati maso nawonso amafuna ndiwo. Mpango ndi wa kumutu, ndi lamba wa m'chiuno, ndi nkhata, ndi thumba la ufa, ndipo ukauvala lero chonchi mawa chonchi anthu amayesa uli ndi zovala zambiri. Tiki idapita pa singano ndi ulusi wakuda. Ndalama yotsala adandiletsa kuikhudza, kuti ndi yobwerera. Pomaliza adatambasula dzanja kwa mwini sitolo.

"Nanga basera? Kunyumba kuli mwana."

Bambo uja adafufuza pansi pa thebulo natulutsa kansalu kotsala kumapeto a mpukutu, kokwana kumanga mwana wa zaka zitatu. Padali chidindo chachikulu cha malembo abuluu chimene sichinkachoka. Malita adayenda nacho kumbuyo chaka chathunthu ngati belo la thonje, ndipo ankanyadira kuti iye yekha m'mudzi ndiye wovala zolembedwa.

Pa khonde la sitoloyo padali telala ndi makina ake opalasa ndi phazi. Ataona bafuta wanga adandiitana mokoma, nati pa makobiri ochepa andisokera bulauzi ya manja otukumuka ngati ya akazi a aphunzitsi, ndipo itha dzuwa lisanapendeke. Maluwa ndidali nditawasiya, nanga bulauzi yokha? Ndidayamba kumasula mtolo.

"Leka," adatero mai Ntsayi, atandigwira pa mkono. "Nsalu ukaidula yasankha mwini. Yosadula ndi ya aliyense m'nyumba. Kafike kaye kwanu, ugone nayo masiku, uone chimene chikusowa. Lumo silithawa."

Telala adawatcha mfiti ya malonda a anthu. Iwo adamuthokoza, tidapita.

Sitima yochokera kumtunda inkafika dzuwa litapendeka. Tidakafika pa siteshoni nthawi ikadalipo, titadya chimanga chowotcha cha kobiri limodzi. Padali akazi ambiri, ena ndi ana kumbuyo, ena okalamba, onse maso ali kumene njanji imatulukira m'mitengo. Ndidadabwa kuona mai Ntsayi, amene tsiku lonse pakamwa padali posatseka, atangoti duu. Adatsitsa dengu lawo, adachotsa masamba a pansi, natulutsa kamtolo. Mudali bafuta woyera ngati wanga, wopindidwa bwino, koma m'mapindiro mwake mutayamba kufiira ndi kukhalitsa.

"Ngwa Joaki," adatero osandiyang'ana. "Mwana wanga mmodzi yekhayo. Adamtenga chaka chimodzi ndi amuna ako. Kodi umayesa nsomba zilibe msika ku Makhanga?"

Nthawi yomweyo njanji idayamba kulira.

Sitima idalowa ndi utsi ndi phokoso loti ndikadakhala ndekha ndikadathawa. Kumbuyo kwake kudali ngolo ziwiri zopanda denga, modzaza amuna. Adayamba kutsika mmodzimmodzi, ndipo pa siteshoni padagwa bata la kanthawi, chifukwa amene tinkawaona sadali amuna amene tidawaperekeza. Adali mafupa. Ena adafunda mabulangete othothoka, ena ziguduli, ena ankatsitsidwa ndi anzawo. Kenaka akazi adayamba kuitana maina, aliyense lake, ngati mbalame za m'mabango. Pambali panga ndinkamva, "Joaki! Joaki wa ku Makhanga!" Inenso ndidaiwala ulemu wonse, ndidafuula dzina la amuna anga pagulu, chinthu chimene ndidali ndisanachitepo.

Ngolo zidatha. Ena ankakumbatirana, ena ankagubuduka pansi. Ine ndidayang'ana nkhope iliyonse kawiri, koma a Zuze padalibe. Ndidakhala pansi pa fumbi, mtolo uli pamiyendo, ndipo dzanja langa lidapita lokha pa bafuta uja.

"Mayi, mwati Zuze wa kwa Mlolo?" Adali bambo wina wotsamira ndodo, phazi litatupa. "Wa mpata m'mano? Tatsika naye. Walumphira mbali inayo. Kayang'aneni kuseri kwa nkhuni uko."

Ndidathamanga kudumpha njanji. Nditafika pa mulu wa nkhuni ndidamva chifuwa, ndipo chifuwa chimenecho ndidachidziwa.

"Abambo a Malita?"

"Imani pomwepo," mawu adatero. "Musazungulire kuno."

"Ndine, amake a Malita."

"Ndakuonani ndili m'ngolo. Nchifukwa chake ndabwera kuno." Adatsokomolanso. "Bulangete langa ndi malipiro anga adandibera ndili chigonere. Chiguduli chimene ndavala chatha kumbuyo konse. Ndimati ndidikire mdima, ndiyambe ulendo pa ndekha. Pali akazi a kwathu pamenepo. Munthu sangabwere kwawo chonchi patatha zaka."

Ndidafuna kuseka, ndidafuna kulira, ndidafunanso kuwakalipira. Zaka zonsezo ndikuwalira, iwo nkumabisala chifukwa cha chiguduli! Koma manyazi amenewo ndinkawadziwa bwino kuposa wina aliyense. Ndidamasula mtolo, ndidatembenuka kuwapatsa msana, nkuponya bafuta pamwamba pa nkhuni.

Padapita kanthawi. Kenaka adatulukira. Adali atawonda moti nsaluyo idawazungulira m'chiuno kawiri nkutsalako yoponya paphewa. Tsitsi lidali litafiira, masaya atalowa, koma mpata wa m'mano udali womwewo. Adaima chilili, oyera mbuu, ngati munthu wobatizidwa kumene. Ndidagwada nkuomba m'manja.

"Mwana?" adafunsa.

"Ali moyo. Akulankhula, ndipo saleka."

"Apongozi?"

"Ali moyo. Ali m'mfumba, akudikira nsalu iyi ndavalayi."

Adandiyang'ana, osamvetsa. Nditawafotokozera adayamba kuseka, kuseka kudasanduka chifuwa, chifuwa chidasanduka misozi, ndipo tidakhala pansi tonse awiri pa makungwa a nkhuni.

Mai Ntsayi adatipeza pomwepo. Adawayang'ana a Zuze, nakonza nsalu paphewa pawo ngati ndi mwana wawo.

"Waona?" adatero kwa ine. "Ukadamvera telala, amuna ako akadalowa m'mudzi atavala bulauzi."

Kenaka adawafunsa, m'Chisena, ngati adakumanapo ndi mnyamata wotchedwa Joaki, wa chipsera pa chibwano. A Zuze, amene makolo awo adachokera ku Zambezi, adayankha m'chinenero chomwecho. Adaganiza nthawi yaitali, chifukwa sadali munthu wonama. Adati sadamuone, koma m'misasa ya odwala mudatsala anthu ambiri, ndipo akachira amawatumiza. Mai Ntsayi adagwedeza mutu.

"Takhuta," adathokoza. Adabweza bafuta wawo pansi pa dengu, naphimba ndi masamba. Ndidamasula mpango wofiira kuti ndiwapatse, poti ndidalibe china. Adaukankha. "Uli ndi ntchito zisanu kwanu umenewo. Kwa ine ungakhale ndi imodzi."

Tidanyamuka m'mawa mwake. Mai Ntsayi adatsala, kuti adikire sitima ina. Pa makobiri otsala ndidagula mbatata ndi kamchere, ndipo nditapereka matiki awiri a ulendo, a Mgwalangwa adabweza imodzi.

"Awa asenza zokwanira," adatero. "Lero asenzedwe."

Kukwera madzi nkovuta kuposa kutsika, motero ulendo umene udatenga tsiku limodzi popita udatenga tsiku ndi theka pobwerera, ndipo tidagona pa kachilumba ka asodzi kaja. Mpango udayamba ntchito tisanafike nkomwe: ndidamanga nawo chilonda cha pa mwendo wa a Zuze kuti ntchentche zisatere. Biriwita wanga ndidawafunditsa pamene malungo adawagwira m'mawa. Za kunkhondo sadanene zambiri, pa ulendowo ngakhale pambuyo pake. Ankangoyang'ana mabango, nthawi zina nkutchula dzina la mbalame ngati akuilonjera.

Tidafika pa dooko lathu dzuwa lili pamutu, ndipo tidayenda pang'onopang'ono, kupuma pa mthunzi uliwonse. Pa mlambe wa kumalire a mudzi ndidawakhazika pansi, ine nkuthamangira kunyumba. Ndidapeza amayi akupeta mapira m'kati, thukuta lili kamukamu, Malita akuwathira nkhani. Ndidawakulunga biriwita watsopano, ndidamanga mwana kansalu kake, kenaka ndidati, "Amayi, mlendo ali pa mlambe."

Mwambo wathu mukuudziwa: mpongozi ndi mkamwini sayang'anana, akakumana panjira wina amapatukira kutchire. Amayi anga adali osunga mwambo kuposa onse m'mudzimo. Koma tsiku limenelo adathamanga ngati mtsikana, nthungululu ili pakamwa, nakawagwira a Zuze manja onse awiri, nawayang'ana m'maso momwe. Anthu adatuluka m'nyumba zonse. Patapita kanthawi amayi adakumbuka kuti iwo ndi ndani. Adasiya manja aja msangamsanga, adakoka ngodya ya nsalu kuphimba nkhope, adatembenukira ku mtengo, nauza mlambewo mwaulemu kuti uwauze akamwini kuti afika bwino. Pamene adachotsa nsalu kumaso, nkhope yonse idali yabuluu, poti biriwita ndidali ndisanamuchape ndi mchere monga adandilangizira mai Ntsayi. Malita adaona agogo ake abuluu ndi mlendo woyera, nathawira m'chimanga. Padatenga masiku anayi ndi mbatata zambiri kuti avomere kuti ali ndi bambo.

Nsalu zimenezo zidatisunga mpaka thonje lachiwiri. Bafuta sitidamudule konse. Loweruka ankapita ndi a Zuze ku milandu ya pabwalo, Lamulungu ankakhala pamapewa panga, ndipo mwana wathu wachiwiri atabadwa ndiye adamulandira. Pa ulendo umenewo ndidaphunzira kuti kugula ndi ndalama yochepa si kusankha chimene ukufuna, koma kuganizira anthu onse amene nsaluyo idzawafunde, ngakhale amene sunawaone. Nzeru imeneyi sindidaigule. Adandipatsa munthu amene adali ndi chifukwa chokwanira chosasamala za mwana wa eni ake.

Titakolola thonje ndidapitanso ku Chiromo nditatenga nkhuku yoti ndikawathokoze mai Ntsayi. Ndidapeza mng'ono wawo uja atasamuka ndi amuna ake kutsata ntchito ya njanji, ndipo a Mgwalangwa adati mayi aja adaleka kukwera bwato lawo miyezi ingapo yapitayo. Chifukwa chake palibe adachidziwa. Mwina adaleka poti adatopa, mwina adaleka poti amene ankamudikira adafika. Mphepo ikamachokera ku Ruo, kulira kwa sitima kumamveka mpaka kudimba kwathu. Ndikakumva ndimaimika khasu, nkupempha Mulungu kuti zikhale kuti Joaki adatsika.